Mikangala ya a Mwale

Chinayamba ndi kukhala chete kwa Tiyamike. Mwana wanga ameneyu sadziwa kutseka pakamwa, ngakhale akudya amayankhula, koma tsiku limenelo tikuchokera ku shedi ya kalabu ankangondilondola pambuyo osanena kanthu, mapazi akukhwekhwereza m'matope. Nditacheuka ndinaona milomo yake itayera, thukuta lili pamphumi pomwe kunja kunali mitambo, maso akuyang'ana pamene palibe chinthu. Ndisanafunse n'komwe anagwada m'mbali mwa njira n'kuyamba kusanza. Anali ndi zaka zinayi. Kumsana ndinali nditabereka Chisomo, wakhanda, ndipo njira yonse ya pakati pa minda ya fodya inali zii, popanda munthu woti ndimuitane. Ndinaganiza malungo, ndinaganiza kolera, ndinaganizanso zina zimene munthu wobwera amaganiza akakhala pakati pa eni mudzi, mpaka ndinamva belu la njinga kumbuyo.

Anali a Mwale, mlembi wa kalabu yathu ya alimi a fodya. Sanandipatse moni. Anagoneka njinga pansi, anagwira manja a mwanayo n'kuwatembenuza, ndipo anali bii ndi utomoni wa masamba mpaka m'zigongono. Ananunkhiza diresi lake, lomwe linali litanyowa pachifuwa pamene ankakumbatirira masamba a mame potibweretsera ife osoka fodya m'shedi muja. Ine ndinkaona ngati mwana akusewera, ndipo azimayi ena ankamuyamikira kuti adzakhala wolimbikira.

"Fodya wamuledzeretsa mwanayu, a Nangozo," anatero. "Walowera pakhungu. Muvuleni diresi limenelo pompano."

Anamunyamula okha mpaka kumjigo, anatulutsa kachidutswa ka sopo kamene kankakhala m'thumba la ovololo yawo nthawi zonse, kokulunga m'pepala la shuga, ndiye iwo akupopa, ine ndikusambitsa, uku akundikalipira kuti kodi maso ndinasiya kwathu ku Ntcheu. Pofika madzulo mwana anapempha phala. Umu ndi mmene ndinawadziwira a Mwale, munthu wokuthandiza akukukalipira, moti sudziwa ngati uthokoze kapena ulire.

Tawaika m'manda masabata awiri apitawo, Lachinayi. Pamaliro anthu ananena zoti anali mkulu wa mpingo, zoti anasiya ana ndi zidzukulu, koma za mikangala palibe ananena, ndiye ndati ndinene ine, ngakhale sukulu ndinalekezera panjira.

Anali aafupi, akuda, diso lakumanzere litachita ng'ala. Ankati lotsalalo ndi lokwanira chifukwa fodya saonedwa ndi maso okha, zala ndi mphuno zimaona bwino kuposa. Unyamata wawo wonse anathera pa esiteti ina cha ku Lisasadzi akusankha fodya wa bale, kulekanitsa masamba malinga ndi mtundu, kutalika ndi kukhuthala kwake, ndipo sanasutepo ndudu ngakhale imodzi. Ukawapatsa moni wapamanja sankakusiya msanga, ankatembenuza dzanja lako n'kuyang'ana zala. Akapeza za munthu wamkulu zili zoyera nthawi ya fodya ankangoti "eya" n'kulisiya dzanjalo ngati chinthu chabwereka. Akapeza za mwana zili zakuda ankafunsa kuti mayi ake ndani. Za zimene anaona ku esiteti sankakamba kawirikawiri. Kamodzi kokha anandiuza kuti kuseri kwa nyumba za matenanti kunali manda aang'onoang'ono ambiri kuposa aakulu, ndipo aliyense ankati ndi malungo.

Kalabu yathu ndi ya anthu a minda yaing'ono. Munthu mmodzi sungadzaze belo ndi fodya wa mtundu umodzi, ndiye timaphatikiza, ndipo pophatikizapo m'pofunika kuti tonse tizisankha mofanana, apo ayi belo limabwezedwa ku okushoni chifukwa cha munthu mmodzi. N'chifukwa chake tinkakumana Loweruka lililonse m'shedi ya udzu ija, kuphunzitsana kuyambira pa nazale mpaka pa kudinda mabelo. A Mwale ndiwo anaiyambitsa, ndipo kudenga kwa shediyo anapachika mikangala, timitengo tija topachikapo fodya m'chigafa, munthu aliyense wake. Popeza ambiri sitiwerenga bwino, pa mkangala uliwonse ankamangirira kansanza kong'amba pa chitenje kapena malaya a mwini wake. Wanga unali ndi kansanza kachikasu ka madontho akuda.

Pa mikangala imeneyi ankasemapo timizere ndi mpeni wawo wopinda, ndipo anthu ankati a Mwale akutemera mikangala mphini. Koma mphini sinali ya kubwera ku msonkhano ayi. Ankanena kuti benchi la m'shedimo silinajombepo Loweruka ngakhale limodzi, koma mpaka lero silidziwa kusiyanitsa tsamba lofiira ndi lobiriwira. Mphini unkaipeza ukaphunzitsa mnzako chinthu n'kukachipeza akuchichita kwawo. Unkaipeza ukafunsa funso limene umachita nalo manyazi. Unkaipeza ukapita ku chigafa cha mnzako kukaona chimene chikumuolera n'kudzanena, kapena ukaimirira pagulu n'kuvomera kuti nazale yako waipha wekha ndi madzi. Woyankhula kwambiri sankamutemera. Ankati pali anthu amene amatsegula pakamwa kuti amve mawu awo omwe, ndipo mpeni wawo ulibe nthawi ya anthu otero.

Sikuti anali munthu wophweka. Tsiku lina anataya timitolo tanga tonse ta fodya pansi pamaso pa anthu, ati ndinamanga masamba ali onyowa kwambiri, ndipo ndinalira njira yonse. Bambo wina atapezeka kuti anabisa masamba oipa pakati pa abwino, a Mwale anatsitsa mkangala wake n'kuupala wonse mpaka kusalala, mphini za zaka zitatu kupita tsiku limodzi, ndipo bamboyo sanabwerenso. Ena ankati anapitirira muyeso, ndipo inenso ndikuona choncho. Akazi awo enieni, a Naphiri, anali ndi mphini ziwiri zokha. Ankadandaula poyera kuti amuna awo amadziwa denga la chigafa cha aliyense m'dera muno pomwe la nyumba yawo likudontha pamutu pa bedi, ndipo a Mwale ankayankha kuti funso limenelo akalifunse m'shedi, mwina lingawapezere mphini yachitatu. Ankatha sabata osayankhulana.

Loweruka lotsatira kudwala kwa Tiyamike a Mwale anadzala mzere wa khonje kutsogolo kwa shedi, mapazi makumi angapo kuchokera pakhomo, n'kulengeza kuti mwana aliyense athere pamenepo. Kwa eni mudzi sinali nkhani, ana ankawasiya kwa agogo awo, kwa alamu, kwa achemwali. Ine ndinalibe. Tinabwera kuno ndi amuna anga kuchokera ku Ntcheu ngati matenanti, ndipo nyengo yachiwiri itatha iwo anawolokera ku Zambia kukafuna ntchito, foni yawo inalira miyezi iwiri kenako inasiya. Mpingo unandibwereka kamunda kuseri kwa dambo, theka fodya theka chimanga, ndipo pafupi ndi kanyumba kanga pali chitsime chosatseka, kutsogolo kuli msewu wa malole. Ndinawauza a Mwale zonsezi nditaima pa khonje paja, kuti ndiye kuti ine mwandichotsa m'kalabu. Anandiyang'ana ndi diso lawo limodzi lija n'kunena kuti ndikhale kunyumba, msonkhano udzandipeza komweko.

Ndipo unkandipezadi. Loweruka lililonse dzuwa litapendeka belu linkalira kuseri kwa dambo, ankakhala pamphepete pa khonde, madzi okha ndi amene ankalandira, n'kundifotokozera zonse zimene zakambidwa, kenako n'kuyamba kundifunsa ine ngati ndili pa mayeso. Tsiku lina anasuzumira m'nyumba n'kuona fodya wouma ataunjikidwa kuchipinda kumene tinkagona, monga amachitira aliyense poopa akuba. M'mawa mwake anabwera ndi mitengo yawo yomwe, imene a Naphiri ankaiyembekezera kuti ikonze denga lija, n'kundimangira kanyumba ka fodya kumbali ya kumene mphepo imapita. Pamenepo m'pamene anaona kamangidwe kanga ka timitolo. Ndinakaphunzira ku esiteti kwa mayi wina wa ku Mulanje: tsamba lomangira umalizunguliza kawiri, mchira wake n'kuupisa pakati pa mapesi kuchokera pansi, ndiye kamtoloko ngakhale ukaponye sikamasuka, ndiponso sikathyola masamba podinda. A Mwale anatenga kamodzi, anakatembenuza nthawi yaitali, anakagwedeza, anakaponya pansi. Kuyambira sabata imeneyo anayamba kunditumizira anthu mmodzimmodzi, amuna ndi akazi omwe, eni mudzi enieni kudzakhala pakhomo pa mayi wobwera kuti awaonetse kupisa mchira wa tsamba.

Fomu inabwera chaka chotsatira. Inabwera ndi a Jere, mlangizi wa bungwe lina lomwe linayamba kuthandiza makalabu, mnyamata wa njinga yamoto, wofatsa, maso ofiira ndi fumbi nthawi zonse chifukwa makalabu amene ankayendera anali ambiri. Anati kumene amachokera akufuna kudziwa ngati anthu akutengadi mbali m'makalabu, ndiye dzina lililonse lili ndi timabokosi, wabwera kuchonga, sanabwere kukhwatcha. Wokhwatchidwa katatu dzina lake lichoka pa mndandanda wa alimi otakataka, ndipo mndandanda umenewo ndi umene unkaperekedwa kwa olemba mayina a makuponi a feteleza. Ine kuponi imeneyo ndi imene inkasiyanitsa chimanga chofika mwezi wa Febuluwale ndi chothera mu Novembala. Nditamva ndinakhala pansi pomwepo pakhonde. A Mwale anati ndisiye kunjenjemera ngati nkhuku yonyowa, cholembera chili m'manja mwawo.

Shedi inadzaza kuposa kale lonse. Anthu amene tinali titawaiwala anatulukira, ena ankafika n'kutsamira mzati n'kugona, ena ankatuma wantchito kuti akayankhe dzina. A Jere anasangalala, anati kalabu yathu yakwera kwambiri pa mapepala awo. A Mwale ankabwera kwanga atatopa, n'kunena kuti mitu yachuluka koma mpeni wawo wayamba dzimbiri, munthu sangafunse funso la manyazi pamaso pa anthu amene angobwerera kuponi. Dzina langa ankalichonga Loweruka lililonse, ine ndili kunyumba.

Amene anakanena nkhaniyi kwa a Jere anali a Nachisale, mayi wina wa m'kalabu. Amuna awo ali ndi munda waukulu ndi matenanti awoawo, ndipo iwo anali asanajombepo chiyambire fomu, ankakhala kutsogolo, thumba lamanja pamiyendo. Mlamu wawo anali atakhwatchidwa katatu chifukwa cha maliro a kutali, ndiye mkwiyo wawo sunali wopanda pake, ndiyenera kuvomera. Ndinaitanidwa Loweruka lina nthawi yosankha fodya. Ana ndinawakhazika pa khonje, Tiyamike atafungata Chisomo, ndipo ine ndinaima pakhomo penipeni pa shedi, khutu limodzi mkati, maso kwa ana, chifukwa mbuzi za wina zinkayendayenda pafupi ndipo Chisomo anali atangoyamba kuyenda.

A Nachisale anafunsa gulu lonse kuti nkhope ya mayi uyu anaiona liti muno. A Jere anatsegula kaundula n'kufunsa a Mwale, mwaulemu ndithu, ngati ndi iwo anachonga mabokosi onsewa. A Mwale anati inde, ndi dzanja lawo, ali maso, osaledzera. M'shedi munachita phokoso, wina kumbuyo anati mkulu wa mpingo wathunthu kulemba bodza. Ine ndinkangoona thumba la feteleza likuchoka, ndinkaona Febuluwale.

A Mwale anakoka chiguduli pansi pa benchi n'kuchikhuthula patebulo. Munali timitolo ta fodya, kamodzi kuchokera kwa membala aliyense, tomwe anatolera sabata yonseyo ndi njinga yawo osauza munthu chifukwa chake. Anapempha a Jere kuti asayang'ane masamba, ayang'ane pomangira pokha, n'kuika pamodzi tomangidwa mofanana. A Jere anaseka pang'ono, anayang'ana wotchi, komabe anayamba, ndipo posakhalitsa mbali imodzi panali mulu wa timitolo tisanu ndi tinayi, tonse mchira wopisa kuchokera pansi. A Mwale ankanyamula kamodzikamodzi, kutchula mwini wake osayang'ana chizindikiro chilichonse, n'kumufunsa kumene anakaphunzira. Woyamba anayankha akuyang'ana pansi kuti kwa a Nangozo. Wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wachisanu anthu anayamba kuyankhira limodzi ngati kutchalitchi. Kenako anatsitsa mkangala wanga kudenga, wa kansanza kachikasu, n'kuugoneka pafupi ndi kaundula, mphini zili ndandanda mpaka chapakati.

Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino, koma a Mwale sankadziwa polekera. Anatenga masamba angapo n'kuwaika pamiyendo pa a Nachisale, pamwamba pa thumba lamanja lija.

"Inu simunajombepo, mayi. Tamangani kamodzi tione."

A Nachisale anati sanabwere kudzayesedwa ngati mwana wa sukulu. A Mwale anangoima. Pamapeto pake mayiwo anayesa, zala zikuterereka, ndipo atakanyamula kamtoloko masamba anabalalika pansi. Anthu anaseka, amuna kumbuyo mpaka kugwirana mapewa. Ine sindinaseke, ndinkadziwa kuti kuseka kumeneko wina adzakulipira, ndipo nthawi yomweyo Chisomo anali atapulumuka m'manja mwa Tiyamike akulunjika kumsewu, ndinathamanga kukamugwira. Pobwerera ndinapeza a Jere atagwira mkangala wanga, akuyendetsa chala pa mphini.

"Bambo, ndaona, ndipo sindikutsutsa," anatero. "Koma fomu iyi ilibe bokosi la zimenezi. Inenso kumene ndikupita nayo amawerenga zochonga basi. Mtengo uwu sindingaupinde kuti ulowe mu envelopu."

Anagamula kuti dzina langa likhale chaka chimenecho, zakale zisafukulidwe, koma kaundula achoke m'manja mwa a Mwale apite kwa a Chunga, bambo wolemba bwino amene amachita zimene pepala lanena, ndipo kuyambira tsopano wochongedwa ndi yekhayo amene wakhala m'shedi kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. A Mwale anapereka kaundula ndi cholembera chomwe. Kumpingo anawaitana, anakhala miyezi itatu osagawa nawo mgonero chifukwa cha mabokosi anga aja. Nditapita kukapepesa anati ndisawataitse nthawi, ndikatembenuze fodya wanga asanachite nkhungu.

Sabata yonseyo sindinadye bwino. Kuwasiya okha ana, chitsime ndi malole. Kulowa nawo m'shedi, fumbi la fodya wouma limene ngakhale wamkulu limamutsamwitsa. Kukhala kunyumba, kukhwatchidwa. Ndinazungulira zitatuzi mpaka mutu kuwawa, ndipo Loweruka m'mawa, mame asanaume, belu linalira kuseri kwa dambo. Anatsika, anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, anakhala pa muzu wake n'kutambasula miyendo.

"Pitani mukachongedwe, a Nangozo. Anawa ndili nawo."

Ndinawakumbutsa kuti iwonso ali ndi dzina pa fomu ija. Anati akudziwa kuwerenga mpaka katatu, ndifulumire pemphero lisanayambe.

Kulera ana sankakudziwa, ndisaname. Nthano analibe, nyimbo analibe. Ndikabwerako ndinkapeza Tiyamike atasanja masamba a mango m'milu inayi, aatali, aafupi, achikasu, obooka, iwo akumubweza kuti wasakaniza, ndipo Chisomo atamumangirira chitenje m'chiuno mbali ina atamanga ku mwendo wawo, ati mwanayu ali ngati mbuzi ya eni, saona malire. Chisomo akalira ankamufunsa mwaulemu kuti bambo, vuto lanu lenileni n'chiyani. Koma anali oyera manja, onse awiri, ndipo chitsime anachiphimba ndi mitengo, ngakhale mitengoyo pano chiswe chadya. Loweruka lachitatu a Chunga anakhwatcha dzina la munthu amene anayambitsa kalabuyo n'kunena kuti lamulo ndi lamulo. Chaka chimenecho kwa a Mwale kunalibe kuponi. Chimanga chawo chinali chachikasu, chofika m'chiuno, ndinkachiona popita kumjigo, changa chili chobiriwira. Ndinawapititsira ndowa ziwiri nditakolola, anazibweza pa njinga tsiku lomwelo. A Naphiri anasiya kundiyankha moni, ndipo sindikuwaimba mlandu.

A Mwale mphini sanasiye. Ndikangofika kuchokera ku msonkhano ankandikhazika pansi kuti ndinene zonse, wafunsa ndani, wagona ndani, amene anati adzapita kukaona nazale ya mnzake anapitadi kapena ayi. Ine kuyang'anitsitsa ndiye ndimatha, mantha anandiphunzitsa. Kenako ankapalasa kupita ku shedi anthu onse atabalalika, n'kukatema okhaokha. Anthu ankachita ngati mikangala ilibenso ntchito, koma Loweruka lililonse polowa aliyense ankayamba wakweza maso kudenga, milomo ikuwerenga. A Nachisale nawonso ndinawagwira kangapo. Tsiku lina, patapita miyezi, anakweza dzanja n'kufunsa ndi mawu otsika kuti munthu amadziwa bwanji kuti tsamba lafewa mokwanira kumanga osati kunyowa. Nditawauza a Mwale anadandaula kuti mayi ameneyo awathera mpeni, n'kupita kukatema. Loweruka linalo a Nachisale anayang'ana kudenga, anakhala pansi, ndipo thumba lamanja analiika pansi pa benchi.

A Mwale chifuwa anali nacho kuyambira kale, cha anthu onse amene anakulira m'fumbi la fodya, koma kuzizira kwa chaka chino kunachikulitsa. Loweruka lomaliza anabwera akukankha njinga, osaikwera. Anakhala pa muzu paja atafunda jekete la kutchalitchi, ndipo nditabwerako sanandifunse za msonkhano, anangogwira dzanja la Chisomo, kulitembenuza, n'kulisiya. Lachiwiri m'mawa tinamva kulira kuchokera kwawo.

Kuno nkhuni ndi zosowa, mitengo inathera ku zigafa. Tsiku loika maliro anthu anachuluka, nkhuni zinatha ndiwo zisanapse, ndiye anyamata anatumidwa kuti akapeze chilichonse chouma. Ine ndinali kotunga madzi. Pobwera ndinaona mtolo wagonekedwa pafupi ndi mafuwa, timitengo towongoka bwino, touma, ndipo pamoto pankanyeka kansanza kabuluu. Anali atakwera m'shedi n'kutsitsa mikangala yonse. Sanachite mwano, anali anyamata a kumudzi kwina, kwa iwo zinali nkhuni zabwino zimene wina anaiwala kudenga. Azimayi a m'kalabu amene ankasonkhezera anazindikira, ndinaona maso awo, koma anthu anali ndi njala, mapoto anali pamoto, ndipo palibe anafuna kuyambitsa nkhani pamaliro. Ndinatula ndowa, ndinafukula mtolowo mpaka ndinapeza kansanza kachikasu. Nditaweramuka a Naphiri anali ataima pakhomo pa nyumba ya siwa, atagwiriridwa ndi azimayi awiri, akundiyang'ana. Ndinaganiza kuti andilanda, kapena anena zonse zimene anasunga chaka chathunthu.

"Tengani, mwana wanga," anatero. "Wanga wa mphini ziwiri uja ausiye upse, waphikako ndiwo."

Mwambo wa kumeta wotsekera maliro ukangotha, a Naphiri akubwerera kwawo ku Simlemba.

Loweruka loyamba pambuyo pa maliro ndinapita ndi ana mpaka pa khonje. Ndinawapempha a Chunga kuti andichonge nditakhala pomwepo, mawu ndikumva, mafunso ndiyankha mokweza. Anati pepala likuti m'shedi. Anati ndingolowa nawo anawo, ena ayamba kale kulowa nawo, nkhalamba ija kulibe, palibenso woti andikalipire. Sananene mwankhanza, ankaona ngati akundithandiza. Ndinapempha azimayi awiri amene ndinawaphunzitsa kumanga kuti tizisinthana kukhala panja ndi ana onse, anayang'ana pansi n'kunena kuti aliyense ali ndi mabokosi ake. Ndinasuzumira pakhomo. Kuwala kolowera m'mipata ya udzu kunali kodzaza fumbi, ana atatu atakhala pa mulu wa fodya, kamodzi kakang'ono kakutafuna phesi la tsamba, mayi ake ali kalikiliki kusankha. Pakona pamene a Mwale ankakhala, chitsa chawo chija chilipobe, chosalala pamwamba, ndipo palibe amene wayamba kukhalapo, angoikapo botolo la inki yodindira chala. Kudenga kwatsala timawaya tokhatokha tolendewera, mzere wonse, tina tikadali topindika mmene tinkagwirira mitengo. Pa mzati pali malo oyera pamene ankanolera mpeni. Pamwamba pa mtanda wa denga ndinaona kapepala ka shuga kokulunga, sopo wawo wina amene ankasungira m'shedimo, wauma mpaka kung'aluka. Khonje nayenso wina wazula mitengo iwiri pakati kuti ngolo izidutsa.

Ndinabereka Chisomo, ndinagwira Tiyamike dzanja, tinabwerera. Anandikhwatcha. Loweruka lapitali sindinapite n'komwe, anandikhwatchanso, ndipo mawa ndi lachitatu.

Ndikudziwa chimene chikubwera, ndawerenga miyezi pa zala kangapo konse ndipo Febuluwale sasuntha. Dzulo ndinapita kwa a Naphiri, ndawapatsa mitengo ya chigafa changa kuti ana awo akonzere denga lija asanachoke, iwo andipatsa mbewu ya mtedza ndowa imodzi ndi theka, mtedza sufuna kuponi. Nazale chaka chino sindikonza. Chitsime ndachiunjikira minga. Fodya amene watsala ali m'kanyumba kaja kudikira kuti a kalabu adzamutenge akadinde, ndipo chitseko chake ndachipiringidza ndi mkangala wanga, m'mwamba, pamene Chisomo sangafike ngakhale atakwera pa ndowa. Mawa m'mawa pemphero lotsegulira likamayamba ife tidzakhala pansi pa mango tikusenda mtedza. Dzuwa likapendeka ndidzawaitana onse awiri, monga ndikuchitira masiku onse tsopano, abwere aime patsogolo panga, ndiwagwire manja, ndiwatembenuze.